MkDocs ndi GitHub Pages patatha miyezi 8: nyenyezi 4 mwa 5

Ndimayang'anira za makompyuta pa kabungwe kena ku Lilongwe, ndipo tili ndi pulogalamu yathu yolembera ngongole za magulu a banki mkhonde. Buku la malangizo ake linali la PDF, lomwe tinkangotumizirana pa WhatsApp. Mapeto ake aliyense anali ndi lakelake mufoni, moti mlangizi wina ku Dedza ankatsatirabe malangizo omwe tinawasintha kalekale. Apa m'pamene ndinasamutsira zonse ku MkDocs.

MkDocs ndi pulogalamu yosandutsa zolemba kukhala webusayiti, ndi yaulere ndipo inalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Python. Masamba mumawalemba mu Markdown (mawu wamba okhala ndi tizizindikiro tochepa toonetsa mitu ndi zina) n'kuwaika mufoda ya docs, ndipo mndandanda wake mumaukonza mufayilo imodzi yokha, mkdocs.yml. Mukalemba mkdocs serve mu terminal (zenera lolembamo malamulo a kompyuta), webusayiti yonse imaoneka pakompyuta panu pa port 8000, ndipo chilichonse mwasintha chimaonekera pomwepo. Zimenezi sizilira intaneti, ndiye bandulo ikatha ntchito siima. Maonekedwe ndinasankha a Material, opangidwa ndi Martin Donath, omwe amakhala bwino ngakhale pa kafoni kakang'ono. Langizo langa: lembani font: false mu mkdocs.yml kuti masamba asamakatenge zilembo ku Google Fonts n'kumadya bandulo, alangizi akumudzi adzakuthokozani.

Koma chomwe ndaperekera nyenyezi zonsezi ndi GitHub Actions, njira yoti makina a GitHub (webusayiti yomwe timasungako mafayilo athu) azigwira okha ntchito yomwe mwawauza. Ndinaika kafayilo kamodzi mu .github/workflows, basi. Aliyense akapanga push, kutanthauza kutumiza zosintha zake ku GitHub, makina a GitHub amamanga okha webusayiti n'kuyiika pa nthambi ya gh-pages, pomwe GitHub Pages imaitenga n'kuionetsa pa intaneti. Kale kusintha chiganizo chimodzi kunkadikira ine ndi laputopu yanga. Ndikapita kumaliro kumudzi, zonse zinkaima. Tsiku lina magetsi anazima nditangopanga push, batire ya laputopu nayo inali itatheratu. Ndili pa minibasi ndinatsegula foni, ndikupeza tsamba lasintha kale. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Sitilipira kalikonse chifukwa repo yathu (malo osungira mafayilo athu pa GitHub) ndi yoonekera kwa aliyense. Mukafuna yobisika, Pages imafuna akaunti yolipira. Malire a webusayiti ndi 1 GB, ife sitinafike n'komwe pafupi ngakhale zithunzi zili mbwee.

Zopunthwa zinalipo, koma zambiri zinali zanga. YAML (kalembedwe ka mafayilo ngati mkdocs.yml) simalola tab, imafuna mipata, ndipo ndinataya masana athunthu ndikusaka cholakwika chomwe maso sangachione. Kachiwiri, ndinalumikiza domeni yathu (adiresi yathuyathu ya pa intaneti) koma fayilo ya CNAME, yomwe imasunga dzina la domeniyo, osayiika mufoda ya docs. Nthawi iliyonse webusayiti ikamangidwanso, fayiloyo inkafufutika ndipo adiresi yathu inkasiya kugwira. Nditayiika pamalo pake, vutolo silinabwerenso.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kabokosi kofufuzira. Kamathamanga ndithu, koma kamayang'ana kuyambira kumayambiriro kwa liwu, pomwe Chichewa chathu chimasinthira kutsogoloko. Munthu akalemba "lipira" sapeza tsamba lomwe pali "kulipira" kapena "analipira". Pano ndimachita kuika dala mawu onsewo m'mitu ya masamba ofunika kwambiri.

Chachiwiri ndi anthu. Git, pulogalamu yopangira push ija, si chinthu choti mungomuuza mayi wa ku akaunti kuti aphunzire Lachisanu madzulo. Mnzanga mmodzi anazolowera kusintha masamba pa GitHub pomwepo podina kachizindikiro ka pensulo, ndipo zimamuyendera. Ena awiri amanditumizirabe zosintha zawo pa WhatsApp kuti ndiziike ndine, mwina mawa adzalimba mtima.

Ngati muli ndi buku la malangizo lomwe limasinthasintha, komanso pali munthu mmodzi wosaopa terminal, tengani MkDocs. Kwa alangizi athu atatu omwe mafoni awo ndi a mabatani, ndimawasindikizirabe masamba a kalembedwe ka ngongole papepala mwezi ukatha.