Mwana wanga anayamba koleji asanamalize sekondale

Tsiku limene mwana wanga wamkazi anabwera ndi fomu yoti ndisaine, yomulola kuyamba maphunziro a kukoleji ali m'giredi 11, kutatsala chaka chimodzi kuti afike kalasi yomaliza ya sekondale, ndinaiika pamwamba pa firiji n'kuisiya sabata yathunthu poganiza kuti wina akufuna kutidyera ndalama. Kwathu mwana amalemba MSCE mu Fomu 4, n'kukhala pakhomo miyezi yambiri kudikira mayina a osankhidwa kupita kuyunivesite, choncho za mwana wa zaka 16 wophunzira zakukoleji sizinkandilowa m'mutu.

Kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, zimenezi n'zosadabwitsa, ndipo amazitcha dual credit. Mphunzitsi wa pasekondale amene wavomerezedwa ndi koleji, monga ya Ivy Tech, amaphunzitsa phunziro la kukoleji m'kalasi mwake momwemo, ndipo mwana akakhoza limawerengedwa kawiri, kusekondale ndi kukoleji komwe. Kawirikawiri phunziro limodzi limapereka makirediti 3 (mapointi amene koleji imawerengera maphunziro omwe munthu wamaliza), pomwe digiri ya zaka zinayi imafuna 120. Amene wakwanitsa makirediti 30 a ndondomeko ya maphunziro oyambira akukoleji yotchedwa Indiana College Core amakhala atachepetsa pafupifupi chaka chathunthu pa yunivesite yaboma m'chigawo chino. Ife sitinalipire fizi pa maphunzirowa, ndipo kwa munthu ngati ine, wogwira ntchito yausiku yosamalira okalamba kwinaku ndikutumiza ndalama kumudzi, fizi ya chaka chimodzi si nkhani yamasewera.

Cholakwa changa chinali kusaina osawerenga bwino. Ndinamulimbikitsa kutenga maphunziro anayi nthawi imodzi, chikhalirecho Loweruka ndi Lamlungu ankagwira ntchito m'sitolo, ndipo usiku wina nditaweruka msanga ndinamupeza atagona patebulo, tsaya lili pabuku la kemisitiri, mpunga utazizira m'mbale. Phunzirolo anapeza C. Ndi pamene mlangizi wa pasukulu anatifotokozera kuti mamakisi amenewa amalowa m'kaundula wa kukoleji ndipo safufutika, moti pofunsira maphunziro a unamwino, komwe malo ndi olimbirana, C uja adzaonekabe. Anatiuzanso kuti mayunivesite omwe si aboma, ngakhalenso a m'zigawo zina, ali ndi ufulu wokana makirediti ena.

Mlongo wake tsopano ali m'giredi 10. Fomu yake ndaiwerenga kale kawiri, ndipo tagwirizana kuti ayambe ndi maphunziro awiri okha, Chingerezi ndi mbiri ya America, za ganyu yakusitolo aziiwale kaye.