Za anzathu kuno ku Joni, akale ndi atsopano omwe

Abale akumudzi, ambiri mumandifunsa pa WhatsApp kuti kodi uje wa kwathu uja umaonana naye? Dziko lino ndi lalikulu heve, kuchoka Johannesburg kukafika Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400, ndiye munthu amene munakulira naye mudzi umodzi mutha kutha zaka osaonana maso ndi maso ngakhale nonse muli "ku Joni".

Anzako oyamba umawapeza m'basi momwemo. Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge pomwe mzere umatha kukudyera usiku wonse, pofika pa Park Station ku Johannesburg amene unakhala naye mpando umodzi uja amakhala wakusungira chikwama, mwagawana mandasi, wakubwereka foni kuti uimbire wodzakuchingamira poti simu yakumudzi yasiya kugwira. Ena mumasiyana pomwepo basi, koma ena ndi omwe amadzakuuza komwe kukupezeka maganyu.

Nkhani imene ndikufuna muimve bwino ndi ya anzathu akale. Ine ndinakapeza mnzanga wa ku pulayimale ku Capricorn, kufupi ndi Muizenberg ku Cape Town, komwe Amalawi aliko ambiri ndithu. Tinakumbatirana, misozi kutuluka, anaphika nsima ya usipa womwe ma transporter amabweretsa, tinacheza mpaka usiku kukumbutsana aphunzitsi athu ndi mpira wachikulunga. Koma mawa lake ndinaona kuti munthuyu ali ndi moyo wina umene ine sindiudziwa, amadzuka kusanache kupita kukalima m'magadeni a azungu, pafoni amayankhula Chixhosa, ali ndi mwana wobadwira konkuno. Anandisunga mu mkuku mwake, kanyumba kachisakasa, koma patapita kanthawi anandiuza mosabisa kuti aise, uyambe kusaka pako. Zinandipweteka, inde. Koma taganizani, kachipinda ndi kamodzi, renti ikudikira, magetsi ndi ogula, mwini malo amawerenga mitu ya anthu ogona m'nyumba. Kumudzi mukamva zotere mumathamangira kunena kuti uje wayamba kudzimva, waiwala kwawo. Ayi abale, mnyamata uja anandipatsa zonse zimene akanatha, ndipo lero timagwirizana kuposa kale chifukwa tinachita kuyambanso kudziwana ngati akuluakulu, osangodalira zoti tinkakhala desiki imodzi.

Atsopano ndiye sumasankha. Kuno Mtumbuka wa ku Mzimba, Myao wa ku Mangochi, Mtonga wa ku Nkhata Bay, tonse amangotitchula Amalawi, ndipo ifenso timafika pozolowera choncho. Wa ku Chipata mumamvana bwinobwino, wa ku Tete akamayankhula Chinyungwe umatolako zambiri. Amene anandiphunzitsa kupenta nyumba ndi bambo wina wa ku Zimbabwe, sanandilipitse olo randi imodzi. Ndipo musamaganize kuti eni dziko onse amatida. Mu 2015 zipolowe zothamangitsa obwera zitabuka ku Durban, anthu athu atathawira kumakampu ngati a ku Isipingo ndi Chatsworth mpaka boma lathu kutumiza mabasi, alipo amene katundu wawo anasungidwa ndi maneba Achizulu, ndipo anakamupeza ali bwinobwino.

Lamulungu timakumana kutchalitchi, ena Lachisanu kumzikiti, masana kubwalo kukangana za Bullets ndi Manoma. Koma ubwenzi weniweni umaonekera pa zovuta. Tili ndi magulu osonkherana mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi lipite kumudzi, poti kunyamula maliro kuchoka kuno ndi ndalama zoti banja limodzi silingakwanitse. Bokosi likafika pakhomo panu dziwani kuti mwaponyamo anthu ambiri oti dzina la mudzi wanu sanalimvepo, ena ankangomudziwa malemuyo pa mzere wodikira ganyu.

Chowawa nchakuti anthu kuno amangosowa. Lero muli limodzi, mawa wapita kukathyola mphesa ku De Doorns, kapena madeyi a mu pasipoti atha, wagwidwa ali ku Lindela kudikira kutumizidwa kumudzi, nambala sikugwiranso. Umakhala ukufunsa m'magulu a WhatsApp, ukuyang'ana pa Facebook, mwina umadzamva patapita chaka kuti ali ku Mzuzu akuyendetsa kabaza, mtima nkukhala pansi.

Ndiye mukamatumiza mwana kuno musamupatse nambala imodzi yokha ya mnzake wakale. Mupatseni zingapo, azilembe papepala osati mufoni mokha, ndipo muyambe mwamuimbira munthuyo kumufunsa ngati ali ndi malo, mwanayo asanakwere basi.