Windows 11 ikakanika panjira: kubwerera, ISO kapena kufomata?

Chithetsereni Microsoft thandizo la Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, anzanga akhala akundifunsa chinthu chimodzimodzi: laputopu yaima pakati pokwera kupita ku Windows 11, kapena yakwera koma ikungozima n'kuyakanso, nditani? Njira zilipo zitatu, ndipo imene ambiri amathamangira ndi imene ine ndimadana nayo.

Yoyamba ndi kubwerera ku Windows 10. Siidya bandulo ngakhale pang'ono, ndipo mafayilo ndi mapulogalamu zimakhala momwe zinalili. Ngati kompyuta ikuyaka, lowani mu Settings, System, Recovery, musankhe Go back. Ngati sikuyaka, izimitseni ndi batani kawiri kapena katatu ikungoyamba kuyaka, mpaka ibweretse sikirini yokonzera, kenako Troubleshoot, Advanced options, Uninstall Updates, muchotse feature update yomaliza. Chovuta chake ndi nthawi. Muli ndi masiku 10 okha, ndipo zonse zimadalira foda ya Windows.old. Foda imeneyi imadya malo ambiri, choncho anthu amaifufuta kuti disiki ipume, osadziwa kuti aphwasula mlatho wobwererapo.

Yachiwiri, imene ndimaikonda, ndi kutsitsa ISO ya Windows 11 (fayilo imodzi yokhala ndi zonse zoikira Windows) kuchokera kwa Microsoft, kuitsegula muli mkati mwa Windows, n'kuyendetsa setup.exe mutasankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu. Fayiloyo imaposa 5GB, choncho bandulo imapweteka, koma mumatsitsa kamodzi basi n'kuisunga pa fulashi, ithandizenso ena. Ngati poyamba munaona nambala yoyamba ndi 0xC1900101, kawirikawiri wolakwa ndi driver, kapulogalamu kolumikiza Windows ndi chipangizo ngati pulinta. Zulani pulinta, dongo ya intaneti ndi chilichonse cha pa USB, chotsani antivirus yomwe munaika nokha, batire likhale lodzaza poopa kuzima kwa magetsi, muyesenso. Kapulogalamu ka SetupDiag kamawerenga zimene kompyuta inalemba pokanika n'kukuuzani chimene chatseka njira. Malire ake ndi awiri: Windows iyenera kukhala ikuyakabe, ndipo chilankhulo cha ISO chifanane ndi cha Windows yomwe ilimo, apo ayi mwayi wosunga mapulogalamu sumaoneka.

Tsono kufomata. Mukapita nayo kwa amisiri ambiri a m'tauni, musanamalize kufotokoza mumamva kuti, "Bwana, iyi ingofunika kufomata, mubwere madzulo." Mtengo wake umamveka wochepa, n'chifukwa chake anthu amavomera msanga. Mchemwali wanga anavomera. Madzulo laputopu inali ikuyaka bwinobwino, Windows 11 ili mbee, koma ntchito yake yonse ya sukulu palibe, zithunzi za ukwati palibe. Mmisiriyo anati disiki inali yokhoma, sakanatha kukopera kanthu. Apa sananame. Makompyuta ambiri amabwera disiki itakhomedwa ndi BitLocker, ndipo kuti muwerenge zamkati kuchokera kunja pamafunika kiyi ya manambala 48. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti kiyiyo inali mu akaunti yake ya Microsoft, yoti akanaitsegula pa foni n'kumuwerengera. Nambala ya foni yake mmisiriyo anali nayo. Sanaimbe, anangofufuta.

Si zokhazo. Office yake yogula inalowedwa m'malo ndi yakuba, yodzutsidwa ndi kapulogalamu komwe Windows Defender, antivirus yobwera ndi Windows, imakaona ngati koopsa, ndipo kuti kagwire ntchito mmisiriyo anazimitsa Defender n'kuisiya yozima. Komanso laputopuyo ndi EliteBook 840 G3, imodzi mwa zakale zochokera ku UK zimene zadzaza m'misika yathu. Purosesa yake ndi Intel ya m'badwo wa 6, pomwe Windows 11 imafuna wa 8 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta. Mmisiriyo analowetsa Windows 11 mokakamiza, monga ambiri amachitira ndi Rufus, kapulogalamu koikira Windows pa fulashi, osanena kanthu. Kukakamizako sindikutsutsa, imayenda ndithu. Koma Microsoft inanena poyera kuti makompyuta otere salonjezedwa zigamba (ma update), ndipo mwiniwake ayenera kusankha yekha akudziwa zimenezo.

Kufomata kuli ndi malo ake: disiki ikafa n'kuikamo ina, kapena Windows ikaonongekeratu moti njira ziwiri zija zakanika. Pa liwiro kumapambana, kompyuta imapepukadi. Koma kuchitike mafayilo atakopedwa kale, inu mutawaona ndi maso anu pa disiki ina.

Amene makompyuta awo sakukwanira, ndi bwino kungobwerera ku Windows 10 n'kulembetsa ESU, ndondomeko ya Microsoft yopitiriza kupereka zigamba za chitetezo, yomwe mu 2025 kwa anthu wamba inali madola 30 kapena ulere mukasunga ma settings anu mu akaunti ya Microsoft, ndipo inalengezedwa kuti ifika pa 13 Okutobala 2026. Linux Mint, yomwe imaikidwa m'malo mwa Windows, nayonso imayenda bwino pa makina akalewa ngati ntchito yanu ndi kulemba ndi intaneti.

Choncho mukandifunsa, ndikuti bwererani kaye masiku 10 asanathe, kenako muyese ISO. Zikafika poti ipite kwa mmisiri, lowani mu akaunti yanu ya Microsoft, mukopere kiyi ya BitLocker papepala, ndipo mumuuze momveka kuti asafufute kanthu asanakuimbireni.