Majekete a pamadzi a ana aja, mmene alili pano chiwagulireni pa Pasaka

Mnzanga wina wa kuntchito akufuna kutenga ana a mlamu wake pa Ilala tchuthi cha Khirisimasi chikubwerachi, ndiye wakhala akundifunsa ngati majekete a pamadzi amene ndinagula aja akuyenerana ndi ndalama zake. Ndinalembapo za iwo nditangowalandira, akadali m'mapepala awo. Pano adutsa m'madzi, mumchenga, padzuwa ndiponso m'manja mwa ana anayi osamva, choncho ndili ndi zonena zenizeni.

Kwa amene simunaone zoyambazo, ndinagula ma life jacket anayi a ana kwa mayi wina wa mu Lilongwe muno amene amapikula katundu ku Joni n'kumagulitsa pa WhatsApp. Lililonse K65,000, onse pamodzi K260,000, ndalama yoti mayi a kunyumba anaikumbukira mwezi wathunthu. Awiri ndi a ana olemera makilogalamu 20 mpaka 30, awiri enawo ndi a 30 mpaka 40. Ulendo wake unali wokwera ku Monkey Bay kukatsikira ku Likoma, ndili ndi ana anga awiri, mwana wa achemwali anga, ndi kamnyamata ka aneba kamene kamapezeka kwathu kuposa kwawo.

Wa achemwali sanandivute. Ndine malume wake, chilichonse chomuchitikira chikanafikira kwa ine ndi kale. Wa aneba ndiye ankandisowetsa tulo. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n'zoona pa nsima ndi pa kulangiza, koma akamwa madzi a m'nyanja ali m'manja mwako palibe amene adzakumbuke mwambiwo. Agogo awo a anawa atamva za ulendowu anangotchula Vipya, sitima imene inamira kumpoto kwa nyanjayi mu 1946 n'kupha anthu 145, kenaka n'kupitiriza kusenda mtedza wawo. Ndinawauza kuti Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, ndipo ili ndi zida zake zopulumutsira anthu. Sanandiyankhe. Kunena zoona inenso sindinkaopa sitimayo. Ndinkaopa timaboti totengera anthu kumtunda, ndi masiku amene ana adzakhale akusewera pagombe ine maso ali awiri okha.

Amene mukukonzekera kutenga ana a eni, jekete libwere pambuyo. Ine ndinayamba ndi kalata. Bambo ndi mayi a mnyamatayo analemba kuti akudziwa mwana wawo ali ndi ine, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, manambala awo a foni, onse awiri n'kusaina, kuphatikizapo fotokope ya chitupa cha unzika. Bamboyo anaseka, amvekere, "Achimwene, Likoma ndi Malawi yemweyu, mukufuna visa?" Zoona, palibe amafunsa pasipoti ngakhale chilumbacho chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Koma kalatayo ndi ya tsiku limene uli kuchipatala usiku ndi mwana wotentha thupi, dzina la bambo ake likusiyana ndi lako, namwino n'kufunsa kuti ndiwe ndani wake. Ndinatenganso buku lake lakuchipatala, ndipo ndinafunsa mayi ake ngati pali mankhwala kapena chakudya chimene chimamuwenga.

Mafunso awiri okha musakhulupirire mayankho a makolo. Loyamba ndi kulemera kwa mwana. Majeketewa amayendera makilogalamu, osati zaka, ndipo kholo limangokuuza kuti "ali ndi zaka 8, ndi wamkulu ameneyu." Onse anayi ndinakawakweza pa sikelo ya mavenda ogula chimanga. Lachiwiri ndi kusambira. Aneba anga anati mwana wawo amasambira kwambiri. Zimene ankatanthauza n'zoti amagaza madzi ofika m'mawondo mumtsinje wa Lingadzi, pamene nyanja yathu malo ena ndi yakuya pafupifupi mamita 700.

Pa jekete lenilenilo, tembenuzani muwerenge zolembedwa mkati. Pamakhala nambala yosonyeza mphamvu yake yoyandamitsa munthu. Lolembedwa 50N ndi longothandiza munthu wodziwa kale kusambira, ali pafupi ndi gombe, ndipo silimutembenuza akakomoka. La mwana muzifuna la mlingo wa 100N, lokhala ndi kolala yaikulu kumbuyo kwa khosi, yoti imugoneke chagada nkhope ikhale kunja kwa madzi. Anga onse ndi a mlingo umenewu, ndipo pamenepa mayi uja sananame.

Zimene zikugwira bwino n'zosachedwa kunena. Mtundu wa olenji wasuluka pang'ono pamapewa koma umaonekabe patali. Zipi sizinachite dzimbiri, bola kuzitsuka mchenga. Kolala imagwira ntchito yake: ndinauza aliyense adzigwetse chafufumimba m'madzi osaya atafooketsa thupi, ndipo onse anatembenuka okha. Wezulo amalira, amalira mopitirira muyeso, moti tsiku loyamba lomwelo ndinaika lamulo loti woliza popanda chifukwa sadya bisiketi. Tepi yonyezimira ija ndinkaiyesa yongokongoletsa mpaka pobwerera, pamene tinatsikira ku Nkhotakota kuti tidzere msewu wa ku Salima. Kumeneko sitima imaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a usipa, njinga ndi madengu. Kunali kachisisira, anthu akukankhana, koma kungowalitsa tochi ya pafoni ndinkawaona onse anayi nthawi imodzi. Madzulo amenewo mukanandifunsa, ndikanati K260,000 yachepa.

Tsopano vuto, ndipo ndi limodzi lomwelo kuyambira mwezi wa Julayi mpaka lero.

Jekete la mwana lili ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, wochokera kumsana n'kudzamangidwa kutsogolo. Ana amadana naye chifukwa amawathina, koma ndi amene amagwira jekete kuti lisakwere m'mwamba mwana akagwera m'madzi. Siponji imafuna kuyandama, thupi limafuna kumira, ndiye popanda lambayo mwana amapsyupsyuka kutsikira pansi jekete n'kutsala pamwamba. Pa majekete awiri aang'onowo, lamba ameneyu akanyowa amatereka m'kachomangira kake kapulasitiki. Ali wouma amagwira ndithu, mukhoza kumukoka ndi mphamvu zanu zonse. Akangolowa m'madzi amayamba kumasuka pang'onopang'ono.

Pa ulendo wa Ilala sindinazione, chifukwa ana ankangosewera m'mphepete ndipo ndinkawamanganso kawirikawiri osaganiza kanthu. Ndinazionera ku Cape Maclear sukulu zitatsekera. Tinachita hayala boti la injini kuchokera ku Chembe kupita kuchilumba cha Thumbi kukaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija timene tinachititsa kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pamndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Inali nyengo ya mwera, koma kuseri kwa chilumbacho madzi anali bata. Ana anali atasewera kale m'madzi pagombe, malamba atanyowa. Mnyamata wa aneba uja, wosambira kwambiri uja, anaona anzake akudumpha kuchokera m'boti nayenso n'kudumpha. Atatumphuka, jekete linali litakwera mpaka m'makutu, chibwano chitalowa mkati mwa zipi, manja ali m'mwamba chifukwa siponji inamukankha m'khwapa. Sanamire. Koma pakamwa pake panali pamlingo weniweni wa madzi, kafunde kalikonse kakumumwetsa, ndipo chifukwa cha mantha anayamba kuphupha, zimene zinkangokweza jeketelo. Mwini boti anamugwira ndi kolala n'kumukweza ine ndisanamalize kuvula malaya. Mwanayo anakhosomola, analira, patapita kanthawi anayamba kufunsa za nsomba yowotcha. Ine ndiye miyendo inanjenjemera mpaka kumtunda, ndikuganiza mmene ndikanayambira foni yopita kwa mayi ake.

Nditayang'ana lambayo, anali atatalika pafupifupi chikhatho chathunthu kuchokera pamene ndinamangira. Wa jekete la mwana wanga wamng'ono analinso chimodzimodzi, kungoti iye sanadumphe. Titabwerera kunyumba ndinawayesa onse anayi. Ndinawaviika m'bafa, n'kupachika lililonse pamtengo wa mapeyala, n'kumangirira chigubu cha malita 5 chodzaza madzi ku lamba uja. Aakulu awiri sanasunthe. Aang'ono awiriwo chigubu chinkatsika ndikuchiona. Chifukwa chake chikuonekera poyera mukawaika pamodzi: lamba wa aakuluwo ndi wokhuthala komanso wokhakhala, wa aang'onowo ndi wopyapyala, wosalala, ndipo mano a kachomangira kake ndi aafupi moti alibe pogwira. Dzina la pakolala n'limodzi, mtengo umodzi, koma anabera pa chinthu chimene mwana wamng'ono amachidalira kwambiri.

Ndinajambula vidiyo ya chigubu chija n'kutumiza kwa mayi wogulitsa. Pogula paja ankayankha ndisanamalize n'kulemba komwe, "bwana" ali pakamwa. Ulendo uno kunali zii. Atayankha anati, "Achimwene, ine ndimangopikula, sindipanga. Ndiye katundu woti walowa kale m'madzi ndikamubweze bwanji ku Joni?" Ndinawafunsa kuti jekete la pamadzi munthu angalidziwe bwanji kuti ndi lolakwika lisanalowe m'madzi. Anatumiza kachithunzi ka manja opemphera.

Sindinganene kuti ndi munthu woipa. Patapita milungu anandiimbira yekha kuti wandibweretsera zomangira zatsopano, ndikatenge kwaulere. Mtima unatsika, ndinayamba kumuyamikira kwa anthu. Nditafika ndinapeza kuti ndi zomangira za zikwama za kusukulu, zazikulu kuposa lambayo, moti ankangodutsamo osagwira ngakhale ali wouma. Nditatchula zosinthitsa majekete awiriwo ndi aakulu, yankho linali forex. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu amenewa asanduka yankho la funso lililonse m'tauni muno, ngakhale funso la lamba wotereka.

Amene anandithandiza ndi mdala wosoka nsapato pamsika wa kwathu. Ndinapita ndi ana awiriwo, tinawaveka majekete, tinathinitsa lamba pamlingo woyenera, iye n'kupinda nsonga yake n'kuisoka ndi ulusi wa nsapato kuti isabwererenso m'kachomangira. Ndinamuletsa kuboola siponji kapena nsalu ya jeketelo, asoke lamba yekha. K3,000 lililonse. Chigubu chija pano sichitsika, ndipo ku Senga Bay mwezi watha ana anadumpha mpaka kutopa jekete lili pamalo pake. Mukafuna kudziwa ngati lakwana, gwirani pamapewa a jekete mwana atalivala n'kukokera m'mwamba. Likafika m'makutu, musamulowetse m'madzi.

Komabe kusokako kwapha ubwino wina. Lamba sangatalikitsidwenso, pamene ana akukula. Mnyamata wa aneba wayamba kale kudandaula kuti akumupweteka, ndiye pofika Pasaka tidzasosola n'kusokanso, ndipo lamba wobooledwabooledwa sindikudziwa kuti ndidzamukhulupirira mpaka liti. Ndiye pali nkhani ya umwini. Pogula, aneba anga anapereka theka la mtengo wa jekete la mwana wawo, tinagwirizana pakamwa kuti lizikhala kwathu. Nditawafotokozera za ku Thumbi, chifukwa sindikanawabisira mwana ali ndi pakamwa pake, mayi ake anakhala chete nthawi yaitali, bamboyo n'kufunsa mwaulemu ngati wogulitsayo abweze ndalama, popeza iwonso anaikapo yawo. Sanakwiye, tikupatsanabe moni ndi mchere, koma ndinaona kuti K32,500 ija aiwerengera kwa ine, osati kwa mayi wa pa WhatsApp amene sanamuonepo. Mukamatenga ana a eni, gulani zinthuzi ndi ndalama zanu zokha ngati mungathe, makolo alipire tikiti ndi chakudya. Chinthu chogawana mtengo chikalakwika mlandu umagwera amene anachisankha.

Kubwereketsa nako ndasiya. Achinyamata a kutchalitchi anatenga aakulu awiri aja popita kunyanja, limodzi linabwera litaphwatalala mbali imodzi chifukwa wina analikhalira ngati khushoni kumbuyo kwa lole. Siponji yophwanyika siyandamitsa ngati kale, ndipo dzuwa nalo limaiwononga, n'chifukwa chake anga ndimawayanika pamthunzi. Limenelo ndinaliyesanso m'madzi, likadagwira, koma ndalilemba chizindikiro kuti lizivalidwa ndi mwana wanga wamkulu amene amasambiradi.

Maganizo anga amasintha malinga ndi tsiku. Ndikakumbukira Nkhotakota, ndimati ndinagula bwino. Ndikakumbukira nkhope ya mwana uja ili mkati mwa zipi, ndimafuna kuwatentha. Ndikawerengera mofatsa, aakulu awiriwo akuyenerana ndi K65,000, ndipo ndingawagulenso. Aang'onowo ndi katundu wa theka la mtengowo, woti umalize wekha kumupanga. Amene mukufuna a ana osakwana makilogalamu 30, musagule pa chithunzi. Pitani ndi mwanayo, pitani ndi botolo la madzi, nyowetsani lamba pamaso pa wogulitsa n'kukoka. Akakana, tulukani.

Mayi uja waika katundu watsopano pa status sabata ino, majekete omwewo, pano K90,000, ndipo ndikakulitsa chithunzicho lamba wake ndi wopyapyala yemwe uja. Wandilonjeza kuti ndikagulanso adzandichotsera K10,000. Ndamuyankha kuti kuchotsera sindikufuna, angonditumizira K6,000 ya wosoka nsapato pa Mpamba, ndipo auze ogula atsopanowo za lambayo. Uthengawo anauwerenga Lachiwiri.