Khomo limodzi lolowetsera magetsi, madzi ndi intaneti m'nyumba: zimene ndaona mvula itagwa yeniyeni

Alamu anga akumanga ku Katete, ndipo nyumba yafika poti athire silabu. Lamlungu lapitali anandiimbira foni. "Alamu, zija munachita kwanu zolowetsa magetsi ndi madzi pamalo amodzi, nanenso ndichite?" Ndinawauza kuti andidikire mtima ukhale pansi, chifukwa dzulo lake ndinali nditangopereka K2,300 kwa amisiri okonza chinthu chimene ndinkati ndinathana nacho kalekale mu 2023. Lero mtima wakhalako pansi pang'ono, ndiye ndilembe.

Kwa amene simunazionepo, nyumba zambiri muno mu Chipata waya wa magetsi wa ZESCO umachoka papolo n'kudutsa m'mwamba kukafika kudenga, paipi ya madzi imaboola khoma la kukhitchini, wa dishi nayenso amabwera n'kuboola pake. Nyumba yatsopano imatha chaka ili kale ndi zipsera. Ine sindinafune zimenezo. Munthu wina wogulitsa zipangizo zomangira anandionetsa njira ina: ngalande imodzi kuchokera pageti, kwanga ndi mamita 18, m'menemo mapaipi anayi a pulasitiki ongodutsitsiramo zinthu. Ina ya kebulo ya magetsi, ija yokhala ndi mawaya achitsulo oiteteza, ina ya paipi yakuda ya madzi, ina ya intaneti, yachinayi yongosungira zam'tsogolo. Zonse zimadutsa pansi pa maziko n'kutulukira m'kabati m'kachipinda kosungiramo katundu. Panja pafupi ndi khoma pali kadzenje komangidwa ndi njerwa, kokhala ndi chivundikiro cha simenti, amisiri amati manhole. Pakamwa pa paipi iliyonse pamayenera kukhala chotsekera cha labala chothina kuti madzi, fumbi ndi tizilombo zisalowe. Mawu akuti "pamayenera" muwasunge.

Zonse pamodzi, zipangizo ndi ntchito, zinandidya K14,500 mu Ogasiti 2023. Chitsimikizo anandipatsa cha miyezi 12, cholembedwa pamanja kuseri kwa lisiti.

Zimene zikuyenda bwino sindichedwapo. Khoma lilibe bowo ngakhale limodzi. Mpopi wotsekera madzi a nyumba yonse uli m'kati, ndiye paipi ikaphulika usiku simutuluka ndi tochi kukasaka mita ya Eastern Water m'maudzu. Palibe waya wolendewera pabwalo, lole ya mchenga imalowa osachita kuitsogolera ndi mtengo. Madzi akuthamanga monga kwa aneba.

Paipi yachinayi ija ndiyo inandisangalatsa. Mukukumbukira 2024, chilala chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko kumapeto kwa Febuluwale. Madzi anatsika ku damu lopangira magetsi la Kariba, ndipo pofika Sepitembala magetsi ankabwera maola owerengeka, nthawi zambiri anthu tili m'tulo. Tinadzimana n'kugula sola. Mapanelo tinaika padenga la shedi ya galimoto pafupi ndi geti, poti mbali ya denga yoyang'ana kumpoto, kumene dzuwa limakhalitsa kwathu kuno, imatchingidwa ndi mtengo wa mango wa aneba. Mnyamata wa sola anafika ndi nyundo ndi chizulo, wokonzeka kuswa khonde. Ndinamutsegulira kabati n'kumuonetsa chingwe cha nayiloni chimene chinasiyidwa m'paipi yopanda kanthu. Anamangirira kebulo yake, mnzake n'kukoka kunja, tiyi asanazizire ntchito yatha. Anachotsa ndalama yoswera ndi yokonzanso khonde pamtengo wake. Tsiku limenelo ndikanakumana ndi wogulitsa uja ndikanamugulira nkhuku.

Koma chilala chomwecho n'chimene chinandibisira vuto. Mvula ya 2023 kulowa 2024 inagwa mwa apo ndi apo kenako n'kudula, nthaka sinakhute. Chitsimikizo changa chinatha mu Ogasiti 2024, mapaipi aja asanalawe madzi enieni. Kunali ngati kugula ambulera m'chilimwe.

Mvula itabwera bwino mu Januwale 2025, mayi akunyumba ndiwo anayamba kudandaula kuti ufa ukununkha chinyontho. Ine ndinati mwina chigayo. Patapita masiku, chozimitsa magetsi chija chimene chimagwa chokha moto ukamathawira pansi, cha 30mA, chinayamba kugwa mvula ikangogwa usiku. Mukachikweza chimakhala, mawa lake chagwanso. Furiji inazima kawiri tili mtulo, ndiwo zinaonongeka. Ndinaitana wamagetsi, anayeza masoketi onse, sanapeze kanthu, ndinamulipira. Sabata yotsatira zomwezo. Ndinayamba kukayikira sola, kukayikira gizala, mpaka kukalipira ana kuti akuseweretsa madzi kubafa.

Loweruka lomaliza la Febuluwale, anthu onse atapita ku Mtenguleni kumwambo wa Angoni wa Nc'wala, ine ndinatsala ndi chimfine. Kunagwa chimvula chamasana, chija chimatsika m'mapiri a Chipata madzi ake ofiira ngati thobwa lamawere. Ndikufuna kandulo m'kachipinda kaja, ndinamva kuti tho, tho, tho. Kutsegula kabati, paipi ya intaneti, imene sinagwirepo ntchito chiikireni poti mumsewu mwathu waya wa intaneti sunafike ndipo timagwiritsa ntchito ka rauta ka simu, inali ikulavula madzi amatope. Chinyezi chinali chitakwera khoma mpaka kubokosi la mabureka. Ndipo m'mbali mwa paipiyo munali kanjira ka dothi ka chiswe, kokwera bwinobwino kukalowa kuseri kwa shelefu ya matabwa. Nditakankha thabwalo ndi chala, chala chinalowa.

Mvula itakata ndinatsegula manhole. Inali yodzaza mpaka pakamwa, achule awiri akusambira. Pansi pake anapaka simenti yosalala, popanda potulukira madzi, ndiye inasanduka chitsime. Pakamwa pa paipi ya intaneti panalibe labala. Anatsekapo ndi pepala la thumba la simenti n'kukulunga tepi yakuda. Amisiri amene ndalipira tsopanowa atakumba anapezanso kuti ngalande yonse inapendekera kunyumba. Imayenera kutsikira kunja, kuti madzi akalowa azibwerera kumene achokera. Pulotu yanga ili motsetsereka, geti kumtunda, ndipo aliyense wodziwa ntchito akanaona zimenezi ndi maso okha. Dzenje likadzaza, madzi ake amakhala pamwamba kuposa pakamwa pa paipi m'nyumba, ndiye amangokwera okha.

Apa ndivomere mbali yanga. Tsiku lokwirira ngalande ndinali ku Lusaka kumaliro, ndinangolandira zithunzi pa WhatsApp. Pazithunzi zonse zimaoneka zowongoka.

Ndinapita kushopu kwa wogulitsa uja ndi zithunzi zanga. Poyamba anandilandira bwino. "Abwana, khalani pansi, zimenezo n'zazing'ono, mnyamata abwera Lachiwiri." Lachiwiri linadutsa. Nditaimba, akuti mnyamata ali ku Petauke. Sabata ina akuti malabala aja amachokera ku South Africa, lole ili m'njira. Nditabwereranso kachitatu nkhani inatembenuka: "Koma abwana, si munalowetsamo anthu a sola? Amenewo ndiwo anachotsa zotsekera." Ndinamuonetsa kuti paipi ya sola ndi youma, mnyamata uja anaitseka bwino ndi thovu lija louma, yodontha ndi imene sanaikhudze munthu. Pamenepo anatulutsa buku lake la malisiti n'kuloza deti. "Miyezi 12 inakwana, abwana. Ine ndingokuthandizani ngati m'bale." Thandizo la ubalelo linali loti andigulitse malabala anayi pa K350 lililonse, malabala amene ali kale pa lisiti ya 2023, ndinalipira.

Sindinagule. Amisiri ena anaswa pansi pa manhole n'kuthiramo miyala kuti madzi azilowa m'nthaka, anaikanso paipi yotayira madzi kumunsi kwa pulotu, anakweza milomo ya mapaipi, n'kutseka mbali zonse ziwiri, kunja ndi m'kati. Anathira mankhwala a chiswe kuzungulira pamene mapaipi aboolera silabu, poti mpata wa pakati pa pulasitiki ndi konkire ndi msewu wa chiswe. Kupendekeka kwa ngalande sikungakonzeke popanda kuswa khonde lonse, ndiye kwatsala choncho. Ndikaphatikiza wamagetsi uja, shelefu, thumba la ufa ndi penti, zapitirira K4,000.

Ndiye kodi ndikudandaula kuti ndinasankha njira imeneyi? Zimatengera tsiku. Magetsi akazima ine nyali zikuyaka, ndimakumbukira chingwe cha nayiloni chija n'kuti ndinachita bwino. Kukachita mdima kumwamba, ndimapezeka ndatsegula kabati n'kumagwira pakamwa pa mapaipi ngati wodwala mutu.

Alamu anga ndawauza kuti achite, poti silabu ikathiridwa mwayi umenewu wapita, ndipo mapaipi opanda kanthu ndi otchipa kuyerekeza ndi kuswa nyumba mawa. Koma afunse kaye ku ZESCO ndi kwa a madzi pamene mita iliyonse idzakhale asanakumbe, kebulo ya magetsi italikirane ndi paipi ya madzi, ndipo pamwamba pake ayale tepi yochenjeza wodzakumba m'tsogolo. Tsiku lokwirira akhalepo okha, athire ndowa ya madzi m'ngalande aone kumene akulowera. Malabala awawerenge ndi manja awo. Ndipo ndalama yomaliza asapereke mpaka mvula ya Febuluwale itadutsa, zimenezi zilembedwe papepala onse awiri asayine. Anandifunsa nambala ya wogulitsa wanga. Ndinawauza kuti ku Katete nakonso mapaipi amagulitsa.

Kwa mkulu uja ndasiyako kalata yopempha K1,400 ya malabala amene sanaike. Akuti ndipite Lachiwiri.