Sitata ya mpweya ndi ya magetsi pa pikapu ya dizilo

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Mafuta amayaka ndi kutentha kwa mpweya umene wapanikizidwa kwambiri m'silinda, choncho sitata yake imagwira ntchito yakalavulagaga kuti injiniyo ilire. N'chifukwa chake ena mwa eni mapikapu, akatopa ndi mabatire ofooka, amayamba kusirira sitata ya mpweya imene imayatsa injini za makina akuluakulu.

Kusirirako kuli ndi maziko. Sitata ya mpweya, monga zimene amapanga makampani a Ingersoll Rand ndi TDI, imazunguzidwa ndi mpweya wochokera m'thanki, wopanikizidwa kufika pa bar 6 mpaka 10 (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya). Imapukusa injini mwaliwiro, ndi yopepuka poyerekeza ndi mphamvu zake, ndiponso siitentha ngakhale itapukusa nthawi yaitali, pakuti mpweya ukamamasuka umazizira. Ya magetsi imatentha msanga, moti opanga ambiri amalangiza kusapyola masekondi 30 musanaipumitse. Ya mpweya siithetheka moto, ndipo ichi ndicho chimaipatsa malo m'migodi ndi m'malo okumba mafuta ndi gasi.

Vuto lagona pa mpweyawo. Lole yaikulu imakhala kale ndi kompuresa (makina opopera mpweya m'thanki), matanki ndi chipangizo choumitsa mpweya, chifukwa mabuleki ake amadalira zomwezo. Pikapu, kaya ndi Toyota Hilux kaya Ram ya injini ya Cummins, ili ndi mabuleki oyendera mafuta, ndipo zonsezi ilibe. Wofuna sitata ya mpweya ayenera kugula kompuresa, mapaipi otakata, mavalavu ndi thanki, kenako n'kupeza poziika. Pa malole thanki ya sitata imayandikira kukula kwa diramu ya malita 200. Pikapu ingakwanitse ndi yocheperapo, komabe ikadya malo a katundu, amene ndiwo munagulira galimotoyo.

Mpweya wa m'thanki umatha m'masekondi owerengeka. Injini ikakana kulira kawiri kapena katatu, mwina chifukwa mpweya walowa m'mapaipi a dizilo, basi thanki yauma, ndipo kompuresa yoyendetsedwa ndi injini siingaidzazenso injiniyo ili chete. Choipa kwambiri ndi kuchucha kosaoneka. Mumaimika galimoto madzulo muvi wa geji uli pamwamba, m'mawa n'kuupeza wagona pansi, ndipo pokhapokha mutapaka madzi a sopo polumikizira mapaipi m'pamene mumaona tithovu tikufufuma pamalo amene simukanawaganizira. Batire ikafa, galimoto iliyonse yodutsa ingakuthandizeni ndi mawaya awiri. Thanki ikauma, mudikira lole ya mabuleki a mpweya imene dalaivala wake ali ndi paipi yoyenera.

Madzi nawonso amadikha pansi pa thanki, ndipo osawakhetsa amabweretsa dzimbiri, pamene kumalo ozizira kwambiri amaundana n'kutseka mavalavu. Za phokoso sindinena zambiri: kulira kwake kumadzutsa oyandikana nawo onse.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti sitata ya mpweya siichotsa batire. Injini za masiku ano za common rail (zimene mafuta amapanikizidwa m'paipi imodzi yogawira masilinda onse) zimafuna magetsi a kompyuta ndi a ma injector (tizipangizo tothira mafuta m'masilinda), kuphatikizapo otenthetsera injini isanalire. Ngakhale Cummins yakale ya malita 5.9, imene inayamba kuikidwa m'mapikapu a Dodge mu 1989, ili ndi solenoid, kachipangizo kotsegula mafuta kodalira magetsi. Mapeto ake mumasamala zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Sitata ya magetsi ili ndi zofooka zake, makamaka kukazizira, pamene batire imachepa mphamvu mafuta a injini atalimba. N'chifukwa chake mapikapu akuluakulu a dizilo amanyamula mabatire awiri. Koma ndi yotsika mtengo, imapezeka mosavuta, ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Kwa ine, ya mpweya ingayenere pikapu yokhayo imene ili kale ndi kompuresa yaikulu chifukwa cha ntchito yake, ndipo imagona pamene pali mpweya wina wodzazira. Pa zinazo, sitata ikayamba kupukusa mwaulesi, yambani mwamasula mawaya a batire, mupale zoyera zimene zamera pamitu yake, muonenso waya wopita ku chasisi, pakuti nthawi zambiri mphamvu imathera pamenepo isanafike n'komwe ku sitata.