Pothawa mabomba ku London: siteshoni yapansi pa nthaka kapena kanyumba ka Anderson?

Ndege za Germany zitayamba kuponya mabomba ku London pa 7 September 1940, pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, mabanja ambiri ankasankha pakati pa kutsikira kumasiteshoni a sitima zapansi pa nthaka ndi kulowa m'kanyumba ka malata kotchedwa Anderson, kokwiriridwa kuseri kwa nyumba.

Mtengo: kanyumba ka Anderson kankaperekedwa ulere kwa opeza ndalama zosakwana mapaundi 250 pachaka, ena ankagula mapaundi 7. Kusiteshoni munthu ankangogula tikiti.

Chitetezo: malata okwiriridwa ndi dothi ankatchinga zibenthu za bomba, koma osati bomba logwera pomwepo. Siteshoni yakuya inali yolimba kwambiri, komabe ngozi ikagwa inkapulula anthu. Kusiteshoni ya Balham mu October 1940 bomba linaswa mipope, madzi ndi matope n'kupha anthu oposa 60. Kusiteshoni ya Bethnal Green mu 1943 anthu 173 anafa atapanikizana pamasitepe, ndipo chowawa n'chakuti panalibe bomba lomwe linagwa pamenepo.

Tulo: mu Anderson munkazizira ndipo munkalowa madzi. Kusiteshoni kunali kofunda, koma kunali fungo, nsabwe ndi udzudzu, sitima zikudutsa pafupi ndi ana ogona papulatifomu.

Kanyumba ka Anderson kankayenera banja lokhala ndi bwalo lakelake. Osauka a ku East End, dera la kum'mawa kwa London, opanda pokumba, siteshoni ndiyo inkawathandiza.